Magazi amene sitinawaone: za achemwali anga, TB ndi warfarin

Achemwali anga aakulu andilola kuti ndilembe za matenda awo, bola ndisatchule dzina. Akuti ngati pali wina amene akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, kwinaku akumwanso mankhwala a TB, ndi bwino amve zimene zinawachitikira iwo. Ine si dokotala kapena namwino. Ndimagulitsa zitenje mumsika. Zimene ndikulembazi ndi zimene ndinaona ndi maso anga ndili gadiyani, zimene madokotala anandifotokozera, ndi zina zimene ndinakawerenga pambuyo pake chifukwa mtima sunkakhala m'malo.

Achemwaliwa akhala akumwa ma ARV kwa zaka zambiri, limodzi ndi Bactrim wa tsiku ndi tsiku amene anthu a HIV amalandira kuno kwathu. Anali bwinobwino, akulima, akuyenda kumpingo, mpaka pamene anayamba kutsokomola, kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda. Makhololo atapimidwa, inapezeka TB ya m'mapapo. Anayamba mankhwala a miyezi 6: miyezi 2 yoyamba mankhwala 4 ophatikizidwa m'piritsi limodzi, miyezi 4 yotsatira mankhwala 2, rifampicin ndi isoniazid. Dzina la rifampicin mulisunge, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ndi mankhwala amene amafiiritsa mkodzo aja.

Ali chapakati pa mankhwalawo, mwendo wakumanzere unatupa kuyambira kuphazi mpaka muntchafu, wotentha, wolemera. Sikani inaonetsa kuti magazi aundana mumtsempha waukulu wa mwendo, matenda amene kuchipatala amangoti DVT. Adokotala anati zimachitikachitika, chifukwa TB, HIV komanso kugona nthawi yaitali osayenda, zonsezi zimachititsa kuti magazi aziundana msanga. Choopsa chake n'chakuti kachidutswa ka magazi oundanawo kangathothoke, kayende mpaka kukatseka mitsempha ya m'mapapo, munthu n'kugwa pomwepo. Anawayambitsa jakisoni wa pamimba wotchedwa enoxaparin, ena amamudziwa kuti Clexane, pamodzi ndi mapiritsi a warfarin. Jakisoniyo ndi wa masiku oyamba okha, poti warfarin amatenga masiku pafupifupi 5 kuti agwire bwino ntchito.

Alamu anga atamva dzinalo anakwinya nkhope. "Warfarin? Si mankhwala a makoswe amenewo?" Sananame ayi. M'zaka za m'ma 1920 ng'ombe za kumpoto kwa America ndi ku Canada zinkafa ndi kutaya magazi zikadya udzu wina wotchedwa sweet clover umene unachita nkhungu. Karl Paul Link ndi anzake a pa University of Wisconsin ndiwo anapeza chimene chinkalepheretsa magazi kuundana mu udzuwo, ndipo warfarin anachokera pa ntchito imeneyo. Anayamba kugulitsidwa mu 1948 ngati mankhwala ophera makoswe, mu 1954 anavomerezedwa kuti anthu azimwa, ndipo mu 1955 Pulezidenti Dwight Eisenhower analandira mankhwalawa atadwala mtima. Ndikunena izi kuti wina asatenge nkhani yangayi n'kukataya mapiritsi ake. Popanda warfarin mwina achemwali anga tikanawaika chaka chomwecho. Ndiponso kwa odwala matenda a rheumatic, owononga mavalavu a mtima, amene mtima wawo umagunda mosalongosoka, kafukufuku wamkulu wotchedwa INVICTUS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anapeza kuti omwa mankhwala a gulu la warfarin ankamwalira ochepa poyerekeza ndi omwa rivaroxaban, mankhwala atsopano okwera mtengo. Ndi mankhwala abwino, koma ofuna diso.

Disolo ndi INR. Amatenga magazi pamkono, ku labu n'kukaona kuti akuchedwa bwanji kuundana. Munthu wosamwa mankhwalawa INR yake imakhala cha pa 1. Wa DVT imafunika ikhale pakati pa 2 ndi 3. Ikakhala pansi pa 2, magazi akhoza kuundananso. Ikadutsa 3, makamaka ikapitirira 5, ngozi yotaya magazi imakula kwambiri.

Ya achemwali inkakana kukwera. Anayamba ndi 5 mg, INR ili phee pafupi ndi 1. Anawonjezera kufika 7.5, kenako 10, mpaka 15 mg pa tsiku, mapiritsi atatu, m'pamene inakwawa n'kufika pa 2. Tsiku lina namwino anawafunsa kuti, "Amayi, koma mukumwadi?" Zinawapweteka mumtima, chifukwa achemwali anga ndi munthu amene sanadumphitsepo ma ARV ngakhale pamaliro. Adokotala ena ndiwo anadzatimasulira. Warfarin amaphwanyidwa m'chiwindi. Rifampicin amachititsa chiwindi kupanga zophwanyira mankhwala zochuluka zedi, ngati chigayo chimene achiwonjezera liwiro: chimene wathira chikutha nthawi yomweyo. Ndiye kuti warfarin atsaleko m'magazi, uyenera kuthira wambiri, kawirikawiri kuwirikiza kawiri kapena kuposa apo. Tinamva, tinakhutira. Koma palibe amene anapitiriza kutiuza mbali yachiwiri ya nkhani imeneyi, yakuti rifampicin akadzatha, chiwindi chidzabwerera pa liwiro lake lakale pang'onopang'ono m'milungu yotsatira, ndipo mapiritsi atatu omwewo adzasanduka poizoni.

Miyezi 6 itakwana, makhololo anapezeka oyera. Ku kiliniki ya TB anawalembera kuti achira, kunyumba tinapha nkhuku. Warfarin anali adakali ndi miyezi ingapo kuti athe, ndipo tsiku lokayezetsanso INR linali patali, popeza m'mbuyomo inali itakhazikika. Achemwali anapitiriza mapiritsi atatu madzulo alionse monga mmene zinalembedwera m'buku lawo lachipatala. Bactrim nayenso anapitirira, ndipo ameneyu amawonjezera mphamvu ya warfarin. Nthawi yonse ija rifampicin ankakokera pansi, Bactrim akukokera m'mwamba. Tsopano wokokera pansi anali atachoka.

Zizindikiro zoyamba zinali zazing'ono. Potsuka mkamwa ankalavula timagazi, iwo n'kumati ndi mswachi wolimba. Mkodzo unafiiranso, koma munthu amene wakhala theka la chaka akuona mkodzo wofiira sangadabwe. Ankaganiza kuti mankhwala a TB akutsukika m'thupi. Chonsecho kufiira kwa rifampicin sikukhalitsa ukasiya kumwa. Amenewo anali magazi.

Kenako m'mawa wina analephera kudzuka. Ululu unali m'mphechepeche mwa mwendo wakumanja, osati wakumanzere umene unatupa kale uja, ndipo unkafika m'chiuno chakumsana. Nditafika ndinawapeza agona chammbali, bondo alipinda n'kulikokera kumimba. Nditayesa kuti ndiuwongole mwendowo anakuwa mokweza, kukuwa kumene sindinawamvepo chibadwire. Anati kutsogolo kwa ntchafu kwachita dzanzi, ndikawatsina sakumva bwino. Ataimirira mogwiririra khoma, bondo linangofooka lokha. Chimene chinatisokoneza tonse n'chakuti mwendowo sunatupe, khungu linali bwinobwino, panalibe bala, panalibe dontho la magazi paliponse.

Pamudzi pakadwala munthu aliyense amakhala dokotala. Wina anati magazi aundananso, awonjezere piritsi. Wina anati ndi nyamakazi, tiwathowe ndi madzi otentha n'kuwasisita. Azakhali anati munthu sangachire TB lero mawa n'kupuwala, pali dzanja la munthu, apite akatemedwe mphini. Mnansi wina wachifundo anali atawapatsa kale bufeni usiku. Ndikakumbukira malangizo amenewa thupi limachita tsembwe, chifukwa lililonse mwa iwo linali lowonjezera kutaya magazi. Piritsi lina la warfarin, n'zodziwikiratu. Kusisita kumafinya mnofu umene ukutuluka kale magazi. Mphini pa munthu amene magazi ake sakuundana sizingaleke kuchucha. Bufeni, diclofenac, indosidi ndi asipulini zimafooketsa tizigawo ta magazi totseka bala ndiponso zimakanda m'mimba. Chimene chinatithamangitsira kuchipatala ndi maso awo. Alamu atatsitsa chikope chawo, mkati munali mbuu, zikhatho zoyera, mtima ukugunda mothamanga, thukuta lozizira pamphumi.

Kuchipatala tinakumana ndi dokotala wachinyamata amene sindidzamuiwala. Anatsegula buku, anawerenga tsamba la TB, anabwerera pa tsamba la warfarin, n'kufunsa funso limodzi: "Amayi, mankhwala a TB munamaliza liti?" Atamva yankho anaitanitsa INR ndi mulingo wa magazi nthawi yomweyo. INR inali itadutsa 8. Mulingo wa magazi, umene mwezi wapitawo unali cha pa 11, unali utatsika kufika pa 6. Sikani ya pamimba inaonetsa chithaphwi cha magazi mkati mwa mnofu wotchedwa iliopsoas.

Anandijambulira papepala. Mnofu umenewu umayambira pa mafupa a msana chakumunsi, umadutsa mkati mwa chiuno kuseri kwa matumbo, n'kukamangirira pamwamba pa fupa la ntchafu. Ndi umene umanyamula mwendo ukamakwera masitepe. Pambali pake pamadutsa mtsempha wa femoral, umene si wa magazi koma umapereka mphamvu ku mnofu wowongola bondo komanso kumva kwa khungu la kutsogolo kwa ntchafu. Magazi akatayikira m'menemo alibe kotulukira. Mnofu umafufuma, mtsemphawo umapanikizika, ndiye dzanzi ndi kufooka kwa bondo kuja. Munthu amapinda mwendo chifukwa kuwongola kumakoka mnofu wofufumawo. Ndipo malo a kuseri kwa matumbowo ndi aakulu moti munthu akhoza kutayiramo malita a magazi kunja osaoneka kanthu. Chizindikiro cha pakhungu, kuda kwa m'nthiti chakumunsi ndi m'chiuno, chinadzaoneka patapita masiku tili kale mu wodi.

Anaimitsa warfarin, anawabaya vitamin K mumtsempha, anawaika dilipu. Warfarin amagwira ntchito polepheretsa chiwindi kugwiritsa ntchito vitamin K popanga zinthu 4 zoundanitsa magazi, ndiye vitamin K ndiye mankhwala ake obweza, kungoti amatenga maola angapo kuti ayambe kuthandiza. Chothandiza msanga ndi plasma, madzi achikasu a m'magazi a munthu wina, amene amabwera ndi zoundanitsazo zili zopangidwa kale. Analandira plasma ndi magazi. Ndinakhala ndikuyang'ana matumba amenewo, ndikuganiza za ana a sukulu za sekondale amene amapereka magazi a Malawi Blood Transfusion Service akabwera pasukulu pawo. Kuyambira pamenepo ine ndimapereka. Opaleshoni sinafunike. Adokotala anati nthawi zambiri magazi akayambanso kuundana kutayikako kumaleka, ndipo thupi limayamwa lokha chithaphwicho pang'onopang'ono. Amang'amba pokhapokha kutayikako kukakana kuleka kapena mtsempha ukamapanikizika moipiraipira.

Bedi loyandikana nafe panali agogo ena odwala mtima, miyendo yotupa, amenenso ankamwa warfarin. Iwo anabwera ndi chibayo, akutsokomola usiku wonse. Tsiku lina anayamba kudandaula m'mimba kumunsi chakumanja, pakutuluka chotupa cholimba chokwana m'dzanja. Mwana wawo ankaopa kuti ndi khansa, ena ankati ndi apendikisi. Ndinaona adokotala akuwauza kuti, "Agogo, gonani chagada, dzutsani mutu wokha." Atadzutsa, ululu unakula ndipo chotupacho chinaonekera kwambiri m'malo mobisala. Anati zimenezo zikusonyeza kuti vuto lili mu mnofu wa khoma la mimba, osati m'matumbo. Kutsokomola kunali kutadula kamtsempha ka magazi kodutsa kuseri kwa mnofu wa pamimba. Munthu wamba kamtsemphako kakanatseka kokha. Agogowo mtima wawo wofooka unkachititsa kuti magazi adzadzane m'chiwindi, chiwindi n'kumalephera kupanga zoundanitsa, komanso anali atasiya kudya ndipo anali pa mankhwala a chibayo. Zonsezo zinakweza INR mlingo wa warfarin usanasinthe n'komwe.

Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti kutaya magazi kumene timachenjezedwa, kamfuno, nkhama, msambo wochuluka, chimbudzi chakuda ngati phula, ndi kumene kumaoneka. Kulinso kwina kosachitikachitika kumene kumabwera kutavala nkhope ya matenda ena. Magazi akhoza kutayikira pansi pa lilime: munthu amayamba ngati zilonda zapakhosi, mawu amasintha, pansi pa lilime pamada n'kufufuma, lilime limakankhidwira m'mwamba mpaka kutseka njira ya mpweya. Akhoza kutayikira mkati mwa khoma la matumbo, munthu n'kumasanza, mimba itafufuma ngati matumbo apotana. Akhoza kutayikira mu ngalande ya msana: msana kupweteka mwadzidzidzi, miyendo kufooka, mkodzo kukana kutuluka kapena kungotuluka wokha, ndipo pamenepa maola ochepa amasiyanitsa kuyenda ndi kupuwala. Choopsa koposa ndi m'mutu. Munthu wachikulire akhoza kungogunda mutu pachitseko pang'ono, n'kuiwala, patapita milungu mutu n'kuyamba kuwawa osaleka, kusokonezeka, kugona kwambiri, mbali imodzi kufooka. Achibale amati ndi ukalamba kapena malungo, pamene magazi akudzadza pang'onopang'ono pakati pa ubongo ndi chikutiro chake.

Zimenezi zimagwera kwambiri anthu amene ali kale ndi matenda ena aakulu, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Wodwala chiwindi amakhala kale ndi zoundanitsa magazi zochepa. Wodwala impso, enoxaparin amatsalira m'thupi chifukwa amatulukira mu impso, n'chifukwa chake impso zikafooka kwambiri madokotala amachepetsa mlingo kapena kusintha mankhwala. Wa khansa magazi ake amaundana msanga koma amatayikanso msanga, zonse ziwiri pa munthu mmodzi. Wotsegula m'mimba kapena wosadya, vitamin K amachepa m'thupi mwake. Ndipo wodwala kwambiri ndi amenenso amamwa mankhwala ambiri. Flagyl amakweza INR. Fluconazole, amene a HIV ambiri amalandira pa matenda oumitsa khosi a cryptococcus kapena zoyera za mkamwa, amakweza kwambiri. Bactrim ndatchula kale. Ngakhale jakisoni wa pathako, amene ambirife timamukhulupirira kuposa mapiritsi, kwa womwa warfarin akhoza kusiya chithaphwi cha magazi mu mnofu. Panado ndiye amaloledwa pa ululu, nayenso osati wambiri masiku ambiri motsatizana osauza adokotala.

Za ndiwo ndinene pang'ono, poti ambiri amasokonezeka. Masamba obiriwira, mpiru, bonongwe, nkhwani, chisoso, repu, ali ndi vitamin K wambiri ndipo amachepetsa mphamvu ya warfarin. Ena akamva zimenezi amasiyiratu masamba, kumene kuli kulakwa, ndiponso kwa ife n'kosatheka. Chofunika ndi kudya mofanana, osati mlungu uno masamba tsiku lililonse, mlungu wamawa usipa ndi nyemba zokhazokha. Dzinja likafika ndiwo zamasamba zikachuluka, kapena chilimwe zikasowa, INR imatha kusuntha.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si matenda, koma mmene achemwali anagwera pakati pa zitseko zitatu. Ankayenda ku kiliniki ya TB, ku kiliniki ya ma ARV, ndi ku kiliniki ya warfarin, masiku osiyana, anthu osiyana, onse akulemba m'buku limodzi lomwelo. Aliyense anagwira ntchito yake molondola pa tsamba lake. A ma ARV ankadziwa bwino za rifampicin: anawawonjezera piritsi la 50 mg la dolutegravir, mmodzi mwa ma ARV awo, loti azimwa patapita maola 12, ndipo anawauza kuti alipitirize milungu 2 atamaliza mankhwala a TB, chifukwa chiwindi sichibwerera msanga. Ndiye kuti nzeru yake ilipo kale m'zipatala zathu, inalembedwa, imaphunzitsidwa. Kungoti ya warfarin palibe anaiyika pa mndandanda wa zofunsa tsiku lotulutsa munthu ku TB. Sindikuloza chala namwino amene amaona anthu mzere wofika panja asanadye n'komwe. Koma funso lakuti "pali mankhwala ena amene mukumwa?" silitenga mphindi, ndipo kwa womwa warfarin liyenera kutsatidwa ndi tsiku lapafupi loyezetsa INR, kenako mlungu ndi mlungu mpaka itakhazikikanso, mlingo ukutsitsidwa.

Ndikudziwanso kuti kunena n'kosavuta. INR siyezedwa pa chipatala chilichonse chaching'ono. Ambiri amayenera kukwera kabaza ndi minibasi kukafika kuchipatala chachikulu, nthawi zina n'kukamva kuti zoyezera zatha, apite ku pulaiveti. Munthu amene wangochira TB, amene sanagwire ntchito theka la chaka, ndalama imeneyo aitenga kuti mlungu uliwonse? Ife tinasonkherana pachibale. Ena alibe wosonkha naye. Komabe ndikanakonda munthu auzidwe zoona, kuti milungu yotsatira kutha kwa rifampicin ndiyo yoopsa kwambiri, kuti ngati pali mbuzi yogulitsa aigulitsire nthawi imeneyo. Ndipo amene mukusamala wodwala wotere, mukafika pa chipatala chilichonse, ngakhale mwapitira dzino kapena malungo, mawu oyamba akhale akuti "akumwa warfarin", musanafunsidwe.

Achemwali anatuluka m'chipatala akuyenda ndi ndodo. Ululu unatha msanga kuposa kufooka. Ntchafu yakumanja inaphwa, moti poyerekeza ndi inzake inkaoneka ngati ya munthu wina, ndipo bondo linkawagwetsa akamatsika pakhonde. A fizo, othandiza odwala kulimbitsanso ziwalo, anawaphunzitsa kukhala pampando n'kumawongola bondo pang'onopang'ono, poyamba lopanda kanthu, kenako atamangirira kathumba ka mchenga pa akakolo. Mtsempha wopanikizika umachira mochedwa, miyezi, ndipo ena sabwereramo kwathunthu. Iwo mphamvu zinabwerera zambiri, akulimanso, koma kachigawo ka khungu pamwamba pa bondo kadakali ndi dzanzi.

Za warfarin madokotala anakambirana nafe poyera. Anaunikanso mwendo wakumanzere, anapeza kuti mtsempha watseguka, anawerenga kuti amwa kale kupitirira miyezi 3 imene ndi yocheperapo pa DVT, ndiponso TB imene inayambitsa vutolo inali itachira. Anagamula kuti asayambirenso. Anatiuza kuti akanakhala munthu wa valavu yachitsulo mumtima nkhani ikanakhala ina, chifukwa ameneyo sangakhale nthawi yaitali opanda mankhwalawa, ndipo amayambiranso kutaya magazi kukangoleka, moyang'aniridwa. Pachikuto cha buku la achemwali analembapo ndi cholembera chofiira kuti anatayapo magazi ali pa warfarin, kuti aliyense wodzafuna kuwapatsanso mankhwala a mtundu umenewu adzayambe waona zimenezo.